Mafunso ndi mayankho: kuphunzitsa ana kuwerenga ndi kusankha mabuku osasala mwana aliyense

Awa ndi mafunso amene makolo komanso aphunzitsi anzanga kuno ku Zomba amakonda kundifunsa, ena pa WhatsApp, ena tikakumana ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni timakumanirana, ena mumsika mwenimweni, nde ndangowaika pamodzi kuti wina akafunsa ndizimulozera pano. Ndikukamba kwambiri za ana a sitandade 1 mpaka 4, koma a mkombaphala nawonso zikuwakhudza.

Mwana wanga ali sitandade 3 koma kuwerenga kukumukanika, kodi ndi wouma mutu?

Ayi mayi, ayi bambo, ndipo chonde mawu amenewo mwana asawamve. Ana ambiri amene timawanena kuti ndi ouma mutu vuto lawo ndi loti palibe amene anakhala nawo pansi n'kuwaonetsa bwinobwino kuti lembo ili limamveka chonchi. Kumbukirani kuti mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, chinthu chabwino kwambiri, koma makalasi ndi aphunzitsi sanachuluke pa liwiro limenelo, mpaka lero kalasi ya sitandade 1 ya ana oposa 100 mphunzitsi mmodzi si yachilendo. Nde taganizani mwana wakhala kumbuyo kwenikweni pansi pa mtengo, akabaza akudutsa, bolodi sakuliona, aphunzitsi akuti ma me mi mo mu iye akungotsatira anzake pakamwa osadziwa kuti ma wake ndi uti pabolodipo. Kafukufuku wa kawerengedwe wa 2010, uja amamutcha EGRA, anapeza kuti ana ambiri a sitandade 2 m'dziko muno sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a nkhani ya Chichewa. Ana onsewo sangakhale ouma mitu.

Chitani izi madzulo ano: lembani ndi khala pakatoni a, m, n, k, kenako ma, ni, ku, kenako ana, mame, kuno, mumupatse awerenge. Pamene wayamba kukakamira ndi pamene muyambire, osadera kuti ali sitandade 3.

Ndiyambe ndi nyimbo ya ABC?

Nyimboyo siyoipa koma siphunzitsa kuwerenga. Imaphunzitsa mayina a malembo, mayina ake a Chizungu. Mwana amene amadziwa kuti ili ndi "emu" ili ndi "eyi" mukamulembera ma aziti emueyi, pamene chofunika ndi choti adziwe kuti m amamveka mmm, a amamveka aaa, ukalumikiza ndi ma. Ife tili ndi mwayi chifukwa Chichewa timalemba momwe timayankhulira, malembo a liwu alipo 5 basi, a e i o u, ndipo a ndi a paliponse sasintha, nde mwana akangogwira maliwu a malembo ndi maphatikizo angapo amayamba kuwerenga mawu amene sanawaonepo chibadwire. Tsiku limenelo mudzamuona nkhope yake, azidzawerenga chilichonse, paketi ya sopo, minibasi yolembedwa Liwonde, chikwangwani cha pachigayo.

Pulogalamu ya boma ya kuwerenga, NRP, imene inayamba mu 2016 ndipo mabuku ake anakonzedwa ku MIE, bungwe lokonza maphunziro a m'sukulu, pa Domasi pompa, imayenda njira yomweyi: mwana amve ndi kutchula maliwu, awalumikize ndi malembo, awerenge mosadodoma, adziwe mawu atsopano, amvetse nkhani. Aphunzitsi amachita kaye okha, kenako pamodzi ndi ana, kenako ana okha. Kunyumba mukhoza kuchita chimodzimodzi.

Pamene ana ambiri amagwa ndi pa maphatikizo a malembo atatu kapena anayi, mpha, nkho, nthu, mbwe, ndwa, komanso ng' uja. Apa musathamange ayi. Muuzeni aike dzanja pakamwa anene pala kenako phala, amva yekha kampweya kakutuluka, ndiye ntchito ya h imeneyo. Mulembereni ng'oma yoimba ndi ngoma gule wa Angoni aone kuti kachizindikiro kaja sikokongoletsa.

China, ana ndi akatswiri poloweza. Akhoza kukuimbirani tsamba lonse maso ali kudenga. Phimbani chithunzi, lozani mawu apakati kapena yambirani kumapeto, mudziwa ngati akuwerengadi.

Ine ndikufuna mwana wanga adziwe Chizungu, bwanji tisangoyamba ndi Chizungucho?

Ndikukumvetsani, mayeso a sitandade 8 ambiri ndi a m'Chizungu, ntchito zimafuna Chizungu, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati Chizungu ndiye chophunzitsira. Koma kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Mwana amene wadziwa kulumikiza malembo m'chiyankhulo chimene amalotera, luso limenelo amapita nalo ku Chizungu, pamene amene mwamuyambitsa ndi mawu oti sawadziwa akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, malembo ndi tanthauzo, mapeto ake amatha kutchula tsamba lonse bwinobwino koma mukamufunsa kuti nkhaniyi ikuti chani, zii. Chizungu achimve, aimbe, ayankhule kuyambira ali wamng'ono, palibe vuto. Chimene ndimakana ine ndi zolipiritsa kapena kulanga mwana wa zaka 6 chifukwa wayankhula Chichewa pasukulu, zimenezo zimangomutseka pakamwa.

Kwathu timayankhula Chiyao, mwana akuvutika ndi mabuku a Chichewa. Tisiye Chiyao pakhomo?

Musasiye. Madera ngati Songani, Domasi ndi Malosa ana ambiri amabwera ku sitandade 1 ndi Chiyao chokoma kwambiri, ndipo ndi chuma chimenecho, mwana amene amadziwa nthano ndi mawu ambiri m'chiyankhulo chimodzi savutika kutola china. Chofunika ndi choti aphunzitsi adziwe pamene ziyankhulozi zimasiyana. Mwana akalemba sikomo m'malo mwa zikomo sanalakwitse mwaumbuli, walemba zimene khutu lake limamva kunyumba, nde mungomuthandiza kumva kusiyana kwa s ndi z, osati kumuseketsa kalasi yonse. Muloleni afotokoze chithunzi m'Chiyao kenako mnzake anene m'Chichewa, onse awiri apindula. Chiyao chili ndi kalembedwe kake, a Centre for Language Studies a ku University of Malawi konkuno anagwirapo ntchito imeneyo, choncho kulemba timabuku ta Chiyao n'kotheka. Ana a m'mabanja a Chilomwe cha ku Jali ndi Mayaka ambiri amabwera akudziwa kale Chichewa koma nawonso amakondwa kumva nyimbo ndi mayina akwawo m'kalasi.

Ena amafunsanso ngati madrasa amasokoneza mwana poti Chiarabu chimayambira kumanja. Sasokoneza, ana amatha kusiyanitsa, mungomukumbutsa ndi chala kuti buku ili tikuyambira kumanzere.

Mukamati buku losasala mwana mukutanthauza chani kwenikweni?

Funso ili ndi limene ndimalikonda. Tsegulani buku limene mwana wanu akuwerenga muone zithunzi zokha kaye. Nthawi zambiri mupeza bambo avala tayi akuwerenga nyuzipepala pa sofa, mayi ali kukhitchini, ana awiri mnyamata ndi mtsikana, nyumba ya malata ya magetsi, onse khungu lofanana, onse miyendo iwiri maso awiri. Tsono ganizani za mwana wa pa chilumba cha Chisi amene bambo ake amakhala pa Nyanja ya Chilwa ndi bwato, kapena wa ku Kachulu amene amayanika matemba ndi mayi ake, kapena wa ku Chikanda amene akuleredwa ndi agogo ake okha. Mwana ameneyu akamawerenga mabuku chaka ndi chaka osaona ngakhale kamodzi banja lofanana ndi lake, palibe amene amamuuza kanthu koma iye amamva kuti zamabuku ndi za anthu ena, ife tangobwera kudzaonerera. Ndipo mwana amene wamva choncho kuwerenga amakusiya msanga.

Nde ine ndikamasankha buku ndimayang'ana ngati mwanayo alimo, komanso chimene akuchitamo, pakuti kungopezekamo sikokwanira. Mabuku ena amaikamo mwana wa pa njinga ya olumala koma ntchito yake ndi yomvetsa chisoni basi, anzake amukankhe, amupatse nthochi, nkhani yatha, phunziro n'kukhala loti tizichitira chifundo olumala. Buku limenelo ndi lolembera ana enawo, iye wangokhala chophunzitsira. Ine ndimafuna buku limene mwana wa pa njingayo ndi amene watulukira kumene mbuzi yasochera, kapena wakangana ndi mnzake pa bawo, kapena wachita mwano agogo n'kumukalipira ngati mwana wina aliyense. Ulumali wake uoneke pachithunzi koma nkhani ikhale ya mbuziyo.

Onaninso mayina. Kuno ku Zomba Asilamu ndi ambiri, kalasi iliyonse muli a Amina ndi a Saidi, nde si bwino kuti m'mabuku monse mukhale mayina a kutchalitchi okhaokha, kapena kuti wovala chipewa cha Chisilamu azingopezeka ali wogulitsa m'sitolo. Onani wakuba m'nkhaniyo wajambulidwa bwanji, ngati nthawi zonse ndi wansanza ndipo wanzeru ndi wansapato, mwana wopanda nsapato akuona zimenezo.

Ngakhale nthano zathu zomwe, ndimazikonda kwambiri, koma zina tiziziunika tisanapatse ana. Nthano imene munthu wachita khungu chifukwa cha chilango, kapena imene gogo wamkazi wokhala yekha ndiye mfiti, sindingaiwerenge m'kalasi masiku ano pamene agogo athu akumenyedwa ndi kuphedwa m'midzi powanamizira ufiti, komanso pamene m'kalasimo muli mwana amene kholo lake ndi gogo ngati yemweyo. Nthano za Kalulu ndi Fisi zilipo zambirimbiri, tisankhe zabwino.

Sindikunena kuti mwana aziwerenga za kwawo zokha. Wa ku Matawale awerenge za ku Chisi, wa ku Chisi awerenge za mpunga wa ku Karonga ndi za ana a ku Cairo, ndi mmene amadziwira kuti dziko ndi lalikulu. Koma poyambira pakhale pakhomo.

Zoika atsikana patsogolo m'mabukuzi si zachilendo zongotibweretsera?

Zachilendo bwanji poti mayi Joyce Banda, amene anakhala pulezidenti kuyambira 2012 mpaka 2014, kwawo ndi kwa Malemia konkuno ku Zomba? Pa K200 imene mumapatsa mwana yogulira mandasi pali nkhope ya mayi Rose Chibambo. Tabitha ndi Temwa Chawinga akumwetsa zigoli kunja ndipo anyamata omwe amawadziwa mayina. Palibe amene akuti buku lisaonetse mayi akuphika, amayi amaphikadi. Koma amayi omwewo amagulitsa mpunga, amayendetsa banki m'khonde, ndi anamwino, ndi asilikali ku Cobbe Barracks, ndipo anyamata nawonso amatunga madzi ndi kubereka ang'ono awo kumbuyo. Buku lingoonetsa zimene zilipo kale.

M'kalasi mwanga muli mwana wachialubino, amaika buku pamphuno penipeni. Ndimuletse?

Musamuletse, ndi mmene akuonera. Ana achialubino ambiri ali ndi vuto la maso, saona patali ndipo kuwala kwambiri kumawathobwa, koma nzeru zawo zilibe vuto lililonse ndipo ambiri safuna Braille, malembo owerenga ndi zala aja, amafuna malembo akuluakulu akuda bii papepala loyera. Akhale kutsogolo, mbali imene dzuwa silikumuwomba kumaso, chipewa chake avale ngakhale m'kalasi, ndipo ngati akufuna kudzuka kukayang'ana pabolodi mulekeni apite. Zimene mukulemba pabolodi muzizitchulanso pakamwa. Tsamba limene muphunzitse mawa mukhoza kulikulitsa pa fotokope kuchoka pa A4 kupita pa A3, kapena kumulembera ndi maka papepala, ntchito ya mphindi zochepa koma kwa iye ndi kusiyana kwa kuwerenga ndi kungokhala. Makolo apite naye akayezetse maso ku Zomba Central kapena chipatala chapafupi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino opitirira 134,000 m'Malawi muno, choncho si anthu osowa oti m'mabuku asapezekemo. Ndipo kalasi yonse imve zoona zake poyera: mwana amabadwa wachialubino chifukwa bambo ndi mayi onse awiri ali nacho m'magazi ngakhale iwo ali akuda, si tsoka, si matenda opatsirana, m'mafupa mwake mulibe chuma chilichonse. Mayina achipongwe aja asamveke m'kalasi, ndipo buku limene lili nawo lichotseni. Auzeni ana kuti a Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2021, woyamba wachialubino m'dziko muno. A bungwe la anthu achialubino la APAM amathandiza pa nkhani zoterezi.

Nanga mwana wosaona kapena wosamva?

Lamulo la anthu olumala la 2012 linaletsa kukaniza mwana sukulu chifukwa cha ulumali, nde choyamba mwanayo asabisidwe m'nyumba. Wosaona amawerenga ndi zala, Braille, timadontho totukuka 6 tosanjidwa mosiyanasiyana, ndipo Chichewa chimalembeka bwinobwino mu Braille. Aphunzitsi a luso limeneli amaphunzira ku koleji ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, nde funsani a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yanu, kuti mphunzitsi wotere ali pasukulu iti, komanso a bungwe la anthu osaona la Malawi Union of the Blind. Podikira zimenezo mwanayo amve nkhani zambiri, agwire zinthu zimene nkhani ikunena, chitsononkho, ukonde, nthenga, ndipo masewera a maliwu amachita nawo bwino lomwe poti ndi a khutu.

Wosamva ndiye njira ya maliwu ija simugwira, tisamunamize. Iye amafuna chiyankhulo cha manja msanga, zithunzi zomveka bwino, mawu olembedwa pansi pa chithunzi, ndipo mphunzitsi asamayankhule atayang'ana kubolodi. A bungwe la anthu osamva la MANAD ndi amene amalimbikitsa chiyankhulo cha manja cha kuno kwathu. Komanso pali ana ambiri amene amamva pang'ono chabe chifukwa cha mafinya m'khutu, amaoneka ngati amwano kapena ogona, pamene vuto ndi la kuchipatala.

Mwana wanga amasokoneza b ndi d, ndide nkhawa?

Ali sitandade 1 kapena 2 ayi, ambiri amatero. Alembe pamchenga ndi chala, aumbe ndi dothi, lembo limodzi kaye mpaka alizolowere. Zikapitirira mpaka zaka 8 kapena 9 ngakhale mukumuthandiza tsiku ndi tsiku, kambiranani ndi aphunzitsi ake, ana ena ubongo wawo umavutika ndi malembo ngakhale ali ochenjera kwambiri pa zina ndipo amafuna kuphunzitsidwa pang'onopang'ono. Chikwapu sichinaphunzitsepo mwana lembo.

Ine sukulu sindinapite patali, ndingamuthandize bwanji?

Kwambiri zedi. Madzulo mukati "Padangotero" iye n'kuti "Tili tonse", mukumuphunzitsa kale mmene nkhani imayambira, mmene imakhotera ndi mmene imathera, ndipo kumvetsa nkhani ndi komweko. "Ndagi!" "Jize!" ndi sukulunso imeneyo. Mukatha mufunseni kuti Kalulu anachitiranji zimenezi, ukanakhala iwe ukanatani. Kenako muuzeni akuwerengereni buku lake inu mukusenda nandolo, mphindi 15 zokha koma tsiku lililonse, mukamva pamene sizikumveka muuzeni abwereze poti Chichewacho mumachidziwa kuposa iye. Chinanso chachikulu, apite kusukulu tsiku lililonse ngakhale tsiku la msika, ndipo asapite ndi njala, mwana wanjala malembo amangovina m'maso.

Tinalandira makatoni a mabuku ochokera kunja, ambiri ndi a chipale chofewa ndi zinthu zoti ana sazidziwa. Titaye?

Osataya, sankhani. A nyama, a thupi la munthu, a nyenyezi, a zithunzi zokhazokha ndi othandiza. Ena a nkhani yabwino mukhoza kumata kapepala ka Chichewa pansi pa Chizungucho. Poyesa ngati buku likumukwana mwana, awerenge tsamba limodzi, mawu aliwonse omukanika apinde chala, zala zikatha dzanja lonse tsamba lisanathe ndiye kuti ndi loti mumuwerengere inu, osati awerenge yekha. Chimene sindifuna ndi shelefu yodzaza mabuku a kunja n'kumati tili ndi laibulale pamene la Chichewa mulibe ndi limodzi lomwe.

Ndalama kulibe, mabuku a Chichewa tiwapeze kuti?

Oyamba ndi a boma omwewo, amene m'sukulu zina amangokhala mu kabati mu ofesi ya ahedi kuopa kuti ang'ambika. Makomiti a sukulu ndi ma mother group funsani kuti mabuku alipo angati ndipo ali m'manja mwa ana kapena ayi. Pitani ku laibulale ya National Library Service mukafunse za mabuku a ana. Amene muli ndi kangachepe yang'anani a Dzuka, a CLAIM, a Montfort Media a ku Balaka. Pa intaneti pali African Storybook, timabuku taulere ta zithunzi, mukhoza kutsitsa pafoni n'kukapulinta, kungoti muonetsetse kalembedwe chifukwa ta Chinyanja cha ku Zambia timalemba cakudya pamene ife timalemba chakudya, mwana wongoyamba kumene zimamusokoneza.

Koma njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yopanga tokha. Ana a sitandade 6 ndi 7 apite kwa agogo akamve nthano kapena nkhani ya chaka chimene Nyanja ya Chilwa inauma, monga 1995, alembe ziganizo zifupizifupi, wodziwa kujambula ajambule, chikuto cha katoni, kusoka ndi ulusi. Timabuku totere mumapezeka phiri la Zomba, mtsinje wa Likangala, mnzawo wa ndodo zoyendera, mayina a Chiyao, zonse zimene tikuzisowa m'mabuku ogula, ndipo a sitandade 2 amatilimbirana poti walemba ndi mchemwali wawo.

Matabuleti a kusukulu aja ndi okwanira?

Pulogalamu ya boma yophunzitsa ana pa matabuleti, BEFIT, imene inayamba mu 2023 ikuthandiza chifukwa mwana aliyense amayenda pa liwiro lake ndipo amamva liwu la lembo bwinobwino m'makutu. Koma tabuleti imatsala kusukulu, ndipo singaone kuti mwana uyu akutsinzinira chifukwa cha maso. Ikhale yowonjezera pa mphunzitsi ndi buku.

Tiwalole ana kupita ndi mabuku kunyumba? Sang'amba?

Ena ang'ambadi, ena anyowa, limodzi mwina mbuzi idya. Aloleni basi. Khalani ndi kope lolemba dzina la mwana, buku ndi tsiku, abweze pakatha sabata, ndipo kholo lidziwe kuti buku labwera pakhomo. Mwana aliyense akhale ndi jumbo yoikamo buku nthawi ya mvula, mapepala a shuga aja amakwana bwino. Tsiku limodzi pa temu ana akuluakulu amate ong'ambika ndi selotepi kapena phala la chinangwa. Kusukulu mabuku asakhale pansi kapena kutsamira khoma chifukwa cha chiswe, ndipo sukulu za kumunsi cha ku Chilwa zimene zimalowa madzi, monga tinaonera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ziike mabuku pa thandala lam'mwamba kapena m'zidebe zapulasitiki zotseka mvula isanayambe mu Novembala.